Mutu 9: Za Kubala ndi Kudzitchinjiriza kwa Zamoyo za Kumwera kwa Nyanja

Akuluakulu akale, amene analibe magalasi oonera pansi pa madzi kapena mabuku olembamo mayina a nsomba, anatisiyira mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo palibe malo ena m'dziko lathu lino kumene mawu amenewa akwanira bwino koposa kumwera kwa Nyanja ya Malawi, kuyambira ku Makanjira, kutsika ndi gombe la Malindi kufikira pamene Shire atulukira pafupi ndi boma la Mangochi, ndi kukweranso kudzera ku Nkope, Monkey Bay ndi Chembe. Pakuti munthu wongopyola pamsewu amaona madzi, mabwato ndi nsomba zoyanikidwa pa thandala, nayesa kuti waona zonse. Koma iye amene afatsa, nafunsa asodzi okalamba, namvanso zimene anapeza akatswiri omira pansi pa madzi, amazindikira kuti m'madzi amenewa muli nkhondo yosatha usana ndi usiku, ndi kuti cholengedwa chilichonse, kuyambira nkhono kufikira ng'ona, chili ndi njira yakeyake yoyankhira funso limodzi lokha, ndilo lakuti mwana wake adzapulumuka bwanji kufikira tsiku limene iyenso adzabala.

Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Yochuluka mwa mitunduyi, yoposa 700, ndi ya banja limodzi lotchedwa Cichlidae, m'mene muli chambo, mbuna, utaka, kambuzi, mbaba, ncheni ndi ndunduma. Ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa cha chuma chimenechi kuti m'chaka cha 1980 boma linapatula madzi ndi zilumba za ku Nankumba kuti zikhale malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo a mtengo wapatali kwa anthu onse.

Njira ziwiri za kusunga mtundu

Tisanalowe m'zodabwitsa, tiyenera kudziwa kuti nsomba zili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zosungira mtundu wake. Yoyamba ndiyo ya usipa, umene umamwaza mazira ake aang'onoang'ono m'madzi a pakati pa nyanja, nuwasiya osawacheukiranso. Ambiri amadyedwa, koma popeza ali ochuluka, ndipo usipawo umakula msanga nubala chaka chisanathe, mtundu wake umadzukanso nthawi zonse. Mpasa, sanjika ndi ntchira zimachita chimodzimodzi, kungoti izo zimayamba zakwera mitsinje nyengo yake ikakwana, n'kukaikira mazira kumeneko, n'kuwasiya.

Yachiwiri ndiyo ya kubala ochepa ndi kuwalera ndi mtima wonse. Chilunguni chimakumba maenje pa malo osaya, chachimuna ndi chachikazi n'kumalondera mazira ndi tiana tawo pamodzi, kuthamangitsa chilichonse chofika pafupi. Koma abale ake a chilunguni, ndiwo pafupifupi mitundu yonse yotsala ya banja lija, anapitirira pamenepo, napeza malo obisira ana amene mdani sangawafike popanda kuyamba wagonjetsa mayi mwini wake.

Mayi wolera m'kamwa

Nyengo ya kuswana ikafika, mbuna yaimuna imavala mitundu yake yowala, yabuluu kapena yachikasu, nisankha mpata wake pakati pa matanthwe a ku Thumbi, Domwe kapena Boadzulu, nithamangitsa amuna anzake onse. Yaikazi ikakopeka ndi kunjenjemera kwa zipsepse zake, ziwirizo zimayamba kuzungulirana. Ndipo yaikazi imaikira mazira awiri kapena atatu, nthawi yomweyo n'kutembenuka n'kuwatola ndi pakamwa, isanapatse mpata nsomba zina zimene zili tcheru pafupi. Tsono pa chipsepse cha kunsi kwa yaimuna, chakufupi ndi mchira, pali madontho achikasu ofanana ndi mazira. Yaikazi ikawaona imayesa kuwatolanso, ndipo pamenepo yaimuna imatulutsa mbewu yake, imene imalowa m'kamwa mwa mayi n'kukumana ndi mazira. Amene anayamba kulongosola ntchito ya madontho amenewa anali Wolfgang Wickler wa ku Germany, m'chaka cha 1962. Ndipo amene anadza pambuyo pake anaonjezera kuti madonthowa amathandizanso kukopa zazikazi ndi kuopseza amuna anzake. Chambo chachimuna nacho chili ndi nyambo yakeyake: nyengo imeneyi chimamera kachingwe kamanyenje koyera pa chiwalo chake choberekera, kamene chimakakoka pamwamba pa chisa, chachikazi n'kumakatsata ndi pakamwa.

Mazira akalowa m'kamwa, ntchito ya atate yatha, ndipo ya mayi yangoyamba. Kwa milungu itatu kapena kuposerapo mayi ameneyu amakhala wosadya, kapena kungolawa tinthu tochepa zedi, ali kugubuduza mazirawo pang'onopang'ono ndi madzi amene akupuma, kuti alandire mpweya ndi kuti asachite nkhungu; khosi lake limatupa pamene mimba yake ikuphwa. Mazira amaswera momwemo, tiana n'kumakula ndi chakudya cha m'thumba la dzira, kufikira titatha kusambira tokha. Mwa mitundu yambiri, ngakhale atatitulutsa kuti tidye, mayi sapita patali. Ndipo mthunzi wa mdani ukangooneka, iye amagwedeza thupi, tiana tonse n'kuthamangira kukamwa kwake, n'kulowa piringupiringu, ena n'kumapanikizana pa milomo.

Za chambo zinafufuzidwa mwakuya ndi Rosemary Lowe, mayi wa ku Britain amene anagwira ntchito kumwera kwa nyanja kuno kuyambira 1945 mpaka 1947, potsata ntchito imene Ethelwynn Trewavas ndi anzake anaiyamba mu 1939. Iye anaonetsa kuti nsomba imene pamsika timangoti chambo ili m'mitundu ingapo, monga saka ndi lidole, uliwonse ndi nyengo yake ndi kuya kwake koswerana. Ndi kuti amayi onyamula ana amachoka pa zisa n'kupita ku malo osaya, a udzu ndi bango, kumene kasawala, ndiwo ana a chambo, amakulira. Chambo chimatenga zaka pafupifupi zitatu chisanayambe kubala. Msodzi aliyense amene anavuulapo khoka mwezi wa Novembala akudziwa zimene zimaoneka chambo chachikazi chikaponyedwa pa mchenga: chimatsegula pakamwa pofuna mpweya, ndipo m'kamwamo mumakhuthuka mazira achikasu, kapena tiana ta maso akudabii tili phiriphiri, timene dzuwa limatiumitsa asodzi asanathe n'kupinda ukonde komwe.

Bwalo la pa Chembe

Nsomba za pamchenga zilibe matanthwe odzitamandira nawo, motero zimamanga zokha. Yaimuna imatapa mchenga ndi pakamwa, kamwa limodzi nthawi imodzi, masiku ambiri, kufikira itaunjika mulu wofanana ndi nthumbira ya mbatata, wokhala ndi kabwalo kosalala pamwamba. Mitundu ina imakumba chidzenje chozungulira chokhala ndi mkombero, ndipo katswiri wozolowera angathe kutchula mtundu wa nsomba pongoona mamangidwe ake. M'chaka cha 1983 Kenneth McKaye wa ku America anafalitsa zimene anaona m'mbali mwa gombe la Chembe, kumene amuna oposa 50,000 a mtundu umene lero utchedwa Mchenga conophoros anamanga milu yawo moyandikana, pa mtunda wa makilomita 4.

Chodabwitsa n'chakuti mulu umenewu si chisa cholereramo ana, pakuti dzira silikhalapo ngakhale mphindi imodzi lisanatoledwe. Ntchito yake ndiyo kuonetsa mphamvu za mwini wake. Ndipo zazikazi, zimene zimadutsa pamwamba pa bwalolo m'magulu, zimakonda kutsikira pa milu yaitali, kusiya yaifupi. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira ena pa mulu uwu, ena pa mulu uwo, kotero kuti ana a m'kamwa limodzi amakhala a atate angapo. Mwera ukawomba n'kusalaza mchenga, amunawo amayambanso kumanga, pakuti wopanda mulu sadzasiya mbewu.

Adani a ana

Koma palibe linga limene lilibe woliboola. Popeza mazira a m'kamwa ndi aakulu ndi onona, mwauka mitundu ya nsomba imene chakudya chake ndicho ana a anzake. Imodzi mwa iyo, Caprichromis orthognathus, imazemba mayi wonyamula ana, nimugunda mwamphamvu kumutu kufikira atalavula katundu wake, ndipo iyo imameza zimene zatayika. Ina, Corematodus shiranus, sidya ana koma mamba: ili ndi maonekedwe a chambo chachikazi, nisambira pakati pa gulu la chambo monga mmodzi wa iwo, kenaka n'kuluma mchira wa mnzake n'kupala mamba ndi mano ake aang'onoang'ono.

Wochenjera koposa onse ndiye kalingono, amene akatswiri amutcha Nimbochromis livingstonii. Thupi lake lili ndi mawanga akuda ndi oyera, onga a nsomba imene yayamba kuwola. Ndipo akamva njala amagona cham'mbali pa mchenga, nthawi zina n'kudzikwirira pang'ono, ali duu, osagwedeza ngakhale chipsepse. Tinsomba tating'ono, timene tangochoka kumene m'kamwa mwa amayi awo, timasendera kuti tidye mtembo, ndipo mtembowo umadzambatuka n'kumeza kamene kali pafupi. Indedi chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyama zambiri pa dziko lapansi zimadzifetsa pothawa mdani; zodzifetsa pofuna kugwira chakudya n'zowerengeka, ndipo kalingono, amene McKaye yemwe uja analongosola machitidwe ake mu 1981, ndiye wodziwika koposa mwa izo.

Nyumba ya kampango ndi alendo ake

Anthu ambiri amadziwa kampango ali m'mbale, koma ndi ochepa amene adziwa kuti m'nyanja yonseyi mulibe makolo ena osamala ana monga iye. Wamwamuna ndi wamkazi amakonza chisa pamene mchenga ukumana ndi matanthwe. Ndipo ana akaswa, atate amakhala pakati pamodzi nawo, pamene mayi amazungulira kunja, kulimbana ndi nsomba zolusa zimene zimazinga chisacho tsiku lonse. Pa kadyetsedwe ka ana mpamene pali chozizwitsa. Mayi amatulutsa mazira ena opanda mbewu ya atate, amene sangaswe, ndipo ana amasonkhana kunsi kwa mimba yake n'kumadya mazirawo; atate nawo amapita kukafukula mchenga, nabwera ndi tizilombo m'kamwa, nadzatulutsira ana kudzera m'mipata yopumira ya m'mbali mwa mutu. Izi zinalembedwa mu 1986, ndipo n'zosowa kwambiri pakati pa nsomba za dziko lonse.

Chisa chotetezedwa chotere sichilephera kukopa alendo. Amayi ena a utaka ndi a ncheni amadzalavulira ana awo pa chisa cha kampango, ndipo kampango sawathamangitsa, koma amawasunga cha kumphepete, ana akeake ali pakati. Motero mdani akaboola, amayamba kugwira ana a alendo. Amayi a alendowo nawo ena sachoka, koma amatsala pafupi n'kumathandiza kupirikitsa adani, ndipo mbali zonse ziwiri zimapindula. Apa mawu aja akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe akwaniritsidwa, ngakhale kuti chowakwaniritsa si chifundo koma phindu.

Alipo mlendo wina amene sabwezera zabwino. M'chaka cha 2010 Jay Stauffer ndi mnzake anafalitsa kuti anapeza zisa za kampango zodzaza ndi ana a bombe, akudya mazira a mayi wa kampango ndi tizilombo ta atate monga eni nyumba, pamene ana enieni a kampango anali ochepa kapena panalibe ndi mmodzi yemwe. Ku Nyanja ya Tanganyika kuli zoopsa zoposa izi: kumeneko, monga anapezera Tetsu Sato wa ku Japan mu 1986, mtundu wina wa nkholokolo umaponya mazira ake pakati pa mazira a nsomba yolera m'kamwa pa nthawi imene ikuwatola, ndipo popeza a nkholokolo amaswa msanga, amadya anzawo ali m'kamwa momwemo, mayi n'kumalera wakupha ana ake osadziwa. Pamtunda ntchito yomweyi imagwiridwa ndi nsadzu, mbalame ija yolondolera anthu ku njuchi, imene alenje a uchi achiyao a ku Niassa amaitanizana nayo kufikira lero: iyo simanga chisa, koma imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, ndipo mwana wake amaswa ali ndi ngowe zakuthwa kumlomo, zimene amaphera nazo ana a mwini chisa iye asanaphenyule n'komwe.

Ng'ona ndi kutentha kwa mchenga

Tikatsika ndi Shire kulowa m'nyanja ya Malombe ndi kupitirira mpaka ku nkhalango ya Liwonde, tifika m'dziko la ng'ona, chilombo chimene anthu a m'mbali mwa madzi achiopa, ndipo achiopa ndi chifukwa. Komatu ng'ona yaikazi ndi mayi wosamala. M'nyengo yotentha, mvula isanagwe, imakumba dzenje pa mchenga pamene madzi osefukira safika, niikiramo mazira pakati pa 25 ndi 80, niwakwirira, nikhala pafupi miyezi itatu, kawirikawiri yosadya, chifukwa ikangochoka ng'azi imafika n'kufukula. M'dzira la ng'ona mulibe chimene chimalamuliratu kuti mwanayo adzakhala wamwamuna kapena wamkazi. Wolamula ndiye kutentha kwa mchenga. Mazira amene afundidwa pa madigiri pafupifupi 32 kufikira 34 amatulutsa amuna, ndipo ozizirirapo amatulutsa akazi. Kotero kuti mthunzi wa mtengo umodzi, kapena kuya kwa dzenje, kungasinthe chiwerengero cha amuna ndi akazi a chaka chimenecho.

Tsiku lakuswa likafika, ana amalira ali m'kati mwa mazira, ndipo mayi akamva amafukula dzenje, natola anawo mmodzimmodzi ndi mano omwe aja othyola mwendo wa njati, nawasunga m'thumba la kukhosi kwake, napita nawo ku madzi odikha kumene adzawalondera milungu ingapo. Anthu akale amene anaona izi anayesa kuti ng'ona imadya ana ake. Ngakhale asamalidwe chotero, ambiri amathera m'mimba mwa mlamba, nkhwazi ndi ng'azi, ndipo otsalawo amamwazikana kukafuna malo awoawo. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Zazing'ono ndi nzeru zake

Si zazikulu zokha zimene zili ndi machenjera. Nkhungu, touluka tija timene timakwera pamwamba pa nyanja m'mitambo imene mlendo amayesa utsi wa sitima, ndipo timene David Livingstone analawa chikondamoyo chake mu 1861, timakhala nthawi yaitali ya moyo wake ngati mphutsi za m'madzi zoonekera mkati, zovuta kuti nsomba izione. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Mphutsizi zimatsikira ku malire amenewo usana, n'kukwera usiku kudzadya. Zikakhwima zimatuluka zonse pamodzi, kawirikawiri mwezi uli mumdima, zochuluka kotero kuti nsomba ndi mbalame zimakhuta zisanathe ngakhale gawo laling'ono. N'chifukwa cha kuya kumeneku kuti mitambo ya nkhungu imaoneka kwambiri cha ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay kuposa ku madzi osaya a ku Mangochi.

M'zithaphwi za dzinja za m'zigwa za kunyanja, ndi za ku Chilwa ndi Chiuta, muli tinsomba tofiira ta mtundu wa Nothobranchius, timene moyo wake wonse ndi wa nyengo imodzi ya mvula. Chithaphwi chisanaphwe, timakwirira mazira m'matope. Makolo onse amafa, matope amauma n'kung'aluka, ng'ombe n'kumapondapo, koma mazira aja amagona m'menemo miyezi yonse ya chilimwe, kufikira mvula itabwera, kotero kuti munthu angaganize kuti nsombazo zagwa ndi mvula. Mbale wake wa tinsombati wa kumwera kwa Mozambique, Nothobranchius furzeri, anapezeka mu 2018 kuti amatha kubala patangopita masiku 14 chiswereni, ndipo palibe nyama ina ya msana yodziwika imene imakhwima msanga chotero.

Ngakhale tizigoba tosongoka timene ana amatola pa mchenga tili ndi mbiri yake. Nkhono ya Melanoides tuberculata imabala popanda yaimuna. Mayi amasunga ana m'thumba la m'thupi mwake, nawatulutsa ali kale ndi tizigoba tawo, ndipo nkhono imodzi yokha ingadzaze doko. Nkhono za mtundu wa Bulinus, zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe. Za nkhono zimenezi tidzanenanso posachedwa.

Minga ndi mamba

Zamoyo zina chitetezo chake zimayenda nacho pathupi. Nkholokolo ya m'nyanja mwathu ili ndi minga itatu yolimba, umodzi pamsana, iwiri m'mbali, imene imaimika n'kuikhoma kotero kuti sipindika ngakhale mutaikankha. Nsomba kapena mbalame yoimeza imatsamwa nayo. Wowonjola matchera m'mawa amaidziwa bwino, pakuti imakola ulusi mbali zitatu, ili kulira kwiii, kwiii, ndipo iye amayamba wathyola mingayo asanaiponye m'bwato, kuopa kuti ingalase phazi. M'mapiri a Nankumba ndi Namizimu, nungu siponya minga yake monga ena amanenera, koma imaiimika, niigwedeza pochenjeza, ndipo mdani akaumirira imathamanga chafutambuyo n'kumubaya, minga n'kutsala m'thupi mwake.

Ngaka ilibe mano, ndipo sithamanga. Imabala mwana mmodzi, nimubereka patsinde pa mchira. Ndipo zoopsa zikafika imadzipinda, mutu ndi mwana zili mkati, kunja kuli mamba okhaokha amene ngakhale mkango umalephera kuwaboola. Nzeru imeneyi yaisunga ngaka mibadwomibadwo. Koma pamaso pa munthu yasanduka msampha, chifukwa munthu salimbana ndi mamba, amangoinyamula n'kuiika m'thumba. Lero ngaka ili m'gulu la nyama zozembetsedwa koposa pa dziko lapansi, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kwa wopezeka nayo.

Mdani amene sanamukonzekere

Nkhani ya ngaka itiphunzitsa chinthu chimene chili choona kwa zamoyo zonse tatchulazi, ndicho chakuti chitetezo chilichonse chinaumbidwa polimbana ndi mdani wodziwika, ndipo chili ndi mtengo wake. Chambo chinagula chitetezo cha ana ake ndi kubala ochepa ndi kukula mochedwa. Ndipo malonda amenewa anali abwino pamene adani anali ncheni, nkhwazi ndi katumbu, amene amagwira nsomba imodziimodzi. Koma khoka silisankha. Likakokedwa pa malo oswerana limagwira amuna amene sangathawe kusiya zisa zawo, ligwira amayi pamodzi ndi mbadwo wonse umene uli m'kamwa mwawo, lisalaza zisa, lizulanso udzu wa pansi pa madzi umene kasawala amabisalamo. Ndipo likasokereredwa neti ya udzudzu kuthumba kwake, silisiya ngakhale kansomba kotalika ngati chala. Kusonkhana pamodzi, kumene kunali mphamvu ya nsombazi, ndiko kwakhala chiwonongeko chake.

Zipatso za zimenezi taziona ndi maso. Ntchira, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zazikulu za malonda, inatha mphamvu chifukwa chogwidwa pa nthawi yopita kukaswana. M'nyanja ya Malombe munkaphedwa chambo choposa matani 8,000 m'chaka cha 1982, koma patangopita zaka khumi sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo, pamodzi ndi kampango, m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Ndipo lidole, limene Trewavas analipatsa dzina m'mabuku mu 1941, akatswiri analiona komaliza mu 1992. Ndipo nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: Stauffer ndi anzake anapeza kuti ku Chembe, nsomba zodya nkhono monga Trematocranus placodon zitachepa chifukwa cha makoka, nkhono za Bulinus zinachuluka pa mchenga pamene anthu amasamba ndi kuchapa, ndipo likodzo linakula pakati pa ana a sukulu.

Makolo athu sanali osadziwa za izi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira a kumeneko akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa kumeneko ukadalipo. Ku Malombe makomiti a m'madoko anayamba mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo pa kasamalidwe ka nsomba. Kutseka nyanja kwa makoka kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala, ndi kuletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, si nkhanza za alangizi a zausodzi kapena mwambo wongotengera kwa azungu. Masiku amenewa anasankhidwa ndi nsomba zomwe, pakuti ndi pamene amayi ambiri amakhala ndi ana m'kamwa.

Tidziwa kuti njala ilibe kalendala, ndi kuti msodzi amene ana ake agona ndi njala samva msanga za mawa. Chifukwa chake mlandu uwu suli pa iye yekha, koma pa ife tonse amene timagula, kuphika ndi kudya. Inu owerenga, kaya muli ku Mpondasi, ku Limbe kapena ku Lilongwe, mukaona kasawala pamsika, kapena chambo chotupa khosi m'miyezi yotseka nyanja, bwezani ndalama yanu m'thumba, ndipo muuze wogulitsayo chifukwa chake. Madzi akatayika saoleka, ndipo mtundu wa nsomba ukatha palibe boma kapena katswiri amene angaubwezeretse.